Tiyambe takonza sikelo, kompyuta ibwera pambuyo

Akonzi,

Chaka chilichonse ikafika nyengo yokolola, nyuzipepala yanu imadzaza ndi nkhani za mavenda obera alimi pa sikelo. Soya, nandolo, mtedza, thumba la makilogalamu 50 n'kumaoneka ngati la 44. Zimenezo n'zoona ndipo musasiye kulemba. Koma lero ndiloleni ndinene za sikelo ina imene palibe amaikumbukira, yaing'ono, yokhala pakauntala, yoyezera zinthu zimene akuluakulu amati n'zachibwana. Ndikunena masiwiti, tofi, chingamu, mabisiketi othyokathyoka, mtedza wokutira shuga ndi tizinthu tokongoletsera makeke.

Ndili ndi kashopu ku Limbe, pafupi ndi sukulu ziwiri za pulayimale, ndipo chaka chino n'chakhumi ndi chimodzi ndikugulitsa zotsekemera. Miyezi yapitayi kwakhala kukubwera anyamata ovala mataye, zikwama za laputopu kumsana, kudzandiuza kuti ndatsalira. Akuti shopu yamakono imafunika kompyuta pakauntala, kamakina kowala kowerenga timizere ta pa katundu, kosindikiza malisiti, ndi pulogalamu yolipira mwezi ndi mwezi. Sindikuwanyoza, akusaka nawo ya ndiwo. Koma mwa onse amene abwera, palibe ndi mmodzi yemwe anandifunsa kuti, "Amayi, sikelo yanuyi inayesedwa liti?" Ndipo funso limenelo ndilo likanayenera kuyamba.

Bambo anga anali ndi golosale ku Namadzi. Sikelo yawo inali ya mbale ziwiri, kwina mumaika mchere kapena shuga, kwina miyala yachitsulo. Ndinkaikonda chifukwa sinkafuna munthu wophunzira. Agogo osadziwa kuwerenga ankaima pamenepo n'kumaona ndi maso awo mbale zikukwera ndi kutsika mpaka zitafanana. Bambo akathira katsupuni kena kapamwamba, agogo aja ankaona, n'kuseka, n'kunena kuti, "Mbasela imeneyo, a Chisale a kwathu." Sanali a Chisale, koma agogo aja aliyense wa golosale ankamutcha choncho. Wogula ndi wogulitsa ankayang'ana chinthu chimodzi. Miyala ija ndili nayo mpaka lero, inayi, wina unatayika tikusamuka.

Ine nditatsegula shopu ndinagula sikelo ya wotchi, ija ya muvi wozungulira ndi sipuling'i mkati. Inandigwirira ntchito zaka zambiri, ndipo ndinkaikhulupirira ngati mmene munthu umakhulupirira mpando umene wakhala ukuukhalira. Ndinkaoda tofi m'thumba la makilogalamu 5, n'kumagulitsa pamagalamu 100. Masamu ake ngosavuta, thumba limodzi liyenera kutulutsa timapaketi 50. Koma kunafika nthawi imene linayamba kutulutsa 47, mwina 46. Thumba loyamba ndinati mwina ndawerenga molakwa. Lachiwiri ndinati mwina kooda kuja sanadzaze. Lachitatu maso anga anagwera pa mtsikana amene ankandithandiza pakauntala.

Anali mwana wa mnzanga wa kumvano, wochokera ku Bangwe, wofatsa, wamanyazi, woti ukamuyang'ana kwambiri amagwetsa nkhope. Kugwetsa nkhope komweko ine ndinakutenga ngati umboni. Ndinayamba kumuzonda. Akatafuna kanthu ndinkati ndi tofi wanga, chikhalirecho chinali chimanga chokazinga chimene wabwera nacho kunyumba. Tsiku lina madzulo nditatseka chitseko ndinamukhazika pansi n'kumufunsa. Anati, "Anti, ine sindinatengepo ngakhale imodzi." Ndinamuuza kuti masiwiti alibe miyendo. Mwezi umenewo ndinamudula malipiro. Sanatsutse, anangolandira ndalama zotsalazo ndi manja awiri, misozi ili mbwembwembwe, n'kumapita kukakwera minibasi. Mawa lake anabwera nthawi yake ngati kale.

Zinaululika mwangozi. Kunabwera mayi wina wophika makeke a ukwati kudzagula zokongoletsera, atanyamula paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi yosatsegula imene anagula kwina. Posowa poika, anaikhazika pa sikelo yanga kuti atulutse kachikwama. Ndinangoponya diso, muvi waima pa magalamu 930. Ndinati mwina paketiyo ndi yoperewera. Ndinatuma mwana kukagula ina, nayonso 930. Ndinatenga mwala wa bambo anga wa kilogalamu imodzi umene unkangopsinja mapepala pa shelefu, nawonso chimodzimodzi. Sikelo inali itatopa. Kasitomala aliyense wogula magalamu 100 ndinkamupatsa pafupifupi 107 osadziwa, ndipo mukachulukitsa ka 46 kapena 47, thumba latha. Wakuba anali sikelo, ndipo amene ankapereka katunduyo kwaulere nthawi zambiri ndinali ine ndemwe ndi manja angawa.

Loweruka lake ndinapita ku Bangwe ndi nsalu, shuga ndi ndalama zimene ndinadula zija. Mayi ake anandilandira bwino, anandiyalira mphasa, koma mawu amene ananena sindidzawaiwala. Anati, "Amvano anzanga, ndalama mwabweza, zikomo. Koma mwanayu milungu itatu sanadye bwino." Ndinalibe choyankha. Mtsikanayo ndikugwira nayebe ntchito, ndiye amasunga makiyi masiku ano, koma pali kena kake kamene ndinaswa tsiku lija komwe nsalu sinakonze.

Ndiye mukamva ndikunena za sikelo, musaganize kuti ndine wa gulu lokana zatsopano. Sikelo yakale ndi imene inandichimwitsa. Sabata yomweyo ndinakagula ya manambala, ya batire. Koma safunsa anadya phula. Ndinagula yotchipa pamsewu, yopanda chidindo chilichonse, chifukwa choti inkawala bwino ndipo wogulitsayo anaiyesa ndi foni yake pamaso panga. Masiku oyamba inali bwino. Kenako ndinaona kuti batire ikayamba kufooka manambala ankavina okha, popanda choikapo n'kumaonetsa magalamu 6, mwina 11. Mukaika paketi pakati pa mbale ikuuzani zina, mukaisunthira pakona ikuuzani zina. Galimoto lalikulu likadutsa pamsewu, nayonso imanjenjemera. Sinathe miyezi inayi ndinaiponya m'katoni.

Mwana wanga wamwamuna, amene akuphunzira za uinjiniya ku MUBAS, kuja tinkati ku Poly, ndiye anandimasulira mmene zimagwirira ntchito. Pansi pa mbale pali kachitsulo kamene kamapindika pang'ono kwambiri mukaikapo katundu, kupindika koti diso silingaone. Pa kachitsuloko anamatapo timawaya topyapyala, ndipo kakapindika, kayendedwe ka magetsi m'timawayato kamasintha. Kusinthako ndi kumene makina amakusandutsa manambala. Ndiye ngati kachitsuloko n'kachabechabe, kapena wina anakhazikapo thumba la fulawa lopitirira mphamvu yake, kapena sikelo yakhala mopendama, manambala aja amanama mwaulemu, owala bwinobwino. Sikelo zabwino zimakhala ndi kagalasi kozungulira ka madzi kokhala ndi kathovu, ndi miyendo yopotokola, kuti muziikhazika mowongoka mpaka kathovu kaime pakati. Kauntala yanga ndi yathabwa, yopendamira kukhomo. Zaka zonsezi sindinaganizepo kuti zimenezo zili ndi kanthu.

Mwana wangayo anandionetsanso kachitsulo kolembedwa kumbali kwa sikelo, kamene ambiri sitikawerenga. Pamalembedwa Max, Min ndi chilembo cha e. Sikelo zambiri zimene zadzaza m'mashopu mwathu ndi za Max 15 kg, e ya magalamu 5, Min ya magalamu 100. Tanthauzo lake n'lakuti imayeza mpaka makilogalamu 15, imadumpha magalamu asanuasanu, ndipo sinapangidwe kuti iziyezera malonda osakwana magalamu 100. Imeneyo ndi ya m'butchala, yoyezera nyama ndi nkhuku. Koma ife a masiwiti makasitomala athu ambiri amagula magalamu 30, 40, 50. Switi imodzi imalemera pafupifupi magalamu anayi kapena asanu. Ndiye kuti pa sikelo yotere mwana akhoza kutaya switi yathunthu sikelo osaphethira n'komwe. Kwa munthu wamkulu switi imodzi si kanthu. Kamufunseni mwana wa Sitandade 2 amene wasunga K200 yake kuyambira m'mawa. Sikelo yoyenera malonda athu ndi yaing'ono, ya Max 3 kg kapena 6 kg, yodumpha galamu imodzi kapena awiri. Anyamata a mataye aja palibe anandiuzapo zimenezi, mwina nawonso sazidziwa.

Ndinagula yachiwiri ya manambala, yeniyeni, yoonetsa manambala mbali zonse ziwiri, kwa ine ndi kwa wogula, yokhala ndi chizindikiro choti inayesedwa. Inandidya ndalama zoti ndikanaoda katundu wa milungu iwiri. Ndipo pamenepa ndinachimwanso, ulendo uno mbali inayo. Ndinkaika masiwiti m'kajumbo n'kuyeza zonse pamodzi. Kale zimenezi zinalibe vuto lalikulu chifukwa timajumbo tinali topyapyala ngati khungu la anyezi. Koma mukudziwa kuti boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osakwana ma micron 60 (muyeso wa kukhuthala kwa pulasitiki), lamulo lija la 2015 limene khoti lalikulu la apilo linavomereza mu 2019. Ine ndinasintha n'kuyamba kugwiritsa timatumba tapepala ndi majumbo okhuthala. Timeneti timalemera, kamodzi magalamu atatu kapena anayi.

Anandigwira ndi mnyamata wa Sitandade 7, wa yunifolomu yong'ambika pachigongono, amene amakonda masamu kuposa masiwiti. Anaima n'kumayang'ana manambala a mbali yake, kenako anati, "Anti, tachotsani kaye masiwitiwo, musiye jumbo yokha." Ndinachotsa. Sikelo inaonetsa magalamu 4. Iye anati, "Ndiye kuti mukundigulitsa jumbo pa mtengo wa chokoleti." Anzake anaseka, ine ndinachita manyazi, koma wakutsina khutu ndi mnansi. Pa sikeloyo pali batani lolembedwa Tare. Mumaika jumbo yopanda kanthu, n'kudina, sikelo imabwerera pa ziro, kenako n'kuthira katundu. Batanilo ndinkaliona tsiku lililonse, ndinkangoti ndi la amisiri.

Tiyeni tiwerengere limodzi, Akonzi. Tinene kuti kilogalamu ya masiwiti ndi K10,000. Galamu imodzi ndi K10, jumbo ya magalamu anayi ndi K40. Makasitomala 100 pa tsiku, ndi K4,000 imene ndinkatenga popanda kupereka kanthu. Pa mwezi mwadziwerengera nokha. Pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo mtolo umenewu unali wa ana a eni ake. Sindinkafuna kuba, koma mwana amene waberedwa safunsa ngati unafuna. Ndipo ine ndi mmodzi chabe. Pitani m'mashopu oyeza nyama, tchizi, mtedza ndi makeke, muone ndi angati amadina batani limeneli wogula akuona.

Ubwino weniweni wa sikelo yatsopanoyi ndinauona pa chinthu chimene wogulitsa sikelo sanatchule n'komwe. Mmalawi sagula pamagalamu. Sanena kuti ndipatseni magalamu 65. Amati, "Ndipatseni za 500." Sikelo imene ndili nayo mumailembera mtengo wa kilogalamu, yokha imawerengera ndalama pamene mukuthira. Ndiye mwana akati za 500, timathira mpaka manambala a ndalama afike pa 500, iye akuona mbali yake, ena mpaka amawerengera mokweza ngati ali m'kalasi. Palibe kukangana, palibe "mwandichepetsera." Ikapitirira pang'ono, ikafika 520, timangosiya, mbasela ya bambo anga ija. Zandikumbutsa agogo a ku Namadzi aja ndi mbale ziwiri, wogula ndi wogulitsa akuyang'ananso chinthu chimodzi.

Kuyeza motere kumathetsanso nkhani imene imandinyansa kuposa zonse, ya masiwiti a chenji. Mwina mudabwa kuti wogulitsa masiwiti akudana ndi zimenezi. Ndimadana nazo chifukwa zimanyozetsa katundu wanga. Mukalowa m'mashopu ena akuluakulu, makina amakono ali pomwepo, lisiti latuluka, chenji chanu ndi K70, wa pa till akukankhirani masiwiti awiri osakufunsani. Tsiku lina ndinasonkhanitsa masiwiti amenewa a mwezi wonse m'kachikwama, n'kubwerera nawo kushopu yomweyo kukagula machesi. Nditawathira pakauntala mtsikana wa pa till anaseka mpaka kuitana mnzake, akuti, "Mayi, masiwiti si ndalama." Ndinati, mwanangu, dzulo anali ndalama pamene ankachokera kwa iwe. Sindikumuimba mlandu mwanayo, amachita zimene anauzidwa, ndipo ndalama zachitsulo za K1, K5 ndi K10 masiku ano umachita kuzifunafuna. Koma ngati mitengo imathera pa 9 ndi pa 5 pamene chenji chake kulibe, kompyuta ija yathandiza ndani? Munthu wa matenda a shuga achite nawo chiyani masiwitiwo?

Tsopano za kompyuta ya pakauntala. Mwana wanga yemweyo anandiuza zinthu ziwiri zimene zinandiseketsa. Akuti makina oyamba owerengera ndalama za malonda anapangidwa mu 1879 ndi James Ritty, mwini bala ku Dayton, m'chigawo cha Ohio ku America, chifukwa ankakayikira antchito ake kuti akumubera. Ndinati ameneyo ndi mbale wanga, matenda athu ndi amodzi. Chachiwiri akuti katundu woyamba kuwerengedwa ndi makina a timizere tija m'shopu, mu June 1974 ku Troy, ku Ohio komweko, anali paketi ya chingamu ya Wrigley's. Ndiye kuti ife a zotsekemera ndife tinatsegulira dziko lonse njira imeneyi, ngakhale kuti ku Limbe yafika mochedwa.

Koma chingamu chimenecho chinali m'paketi yosindikizidwa kufakitale. Theka la katundu wanga lilibe timizere. Lili m'mabotolo agalasi ndi m'zidebe, limagulitsidwa imodziimodzi kapena poyeza. Belu la buleki likalira, m'mphindi khumi ndi zisanu mumalowa ana oposa makumi atatu, aliyense ndi K100 kapena K200 yopindapinda, yonyowa ndi thukuta, wina akufuna ziwiri zofiira ndi imodzi ya kamtengo, wina wasintha maganizo kawiri. Mtsikana wanga amawatha onsewo ndi manja ndi mutu, amadziwa kuti uyu dzulo anatsala ndi ngongole ya K50. Mnyamata wina wa mataye anabwera ndi makina ake kudzationetsa nthawi ya buleki yomweyo. Anatha kuthandiza ana asanu ndi mmodzi, belu lobwerera linalira, enawo anathamangira kwa mayi wogulitsa zitumbuwa pageti. Iye anati vuto ndi loti sitinazolowere. Mwina. Koma ana aja sadikira kuti tizolowere.

Ziliko sikelo zosindikiza kasitika kokhala ndi timizere, kulemera ndi mtengo, zoti wa pa till angowalitsa. Ndaziona m'masupamaketi ndipo kumeneko n'zoyenera, chifukwa poyezera ndi polipirira ndi malo awiri otalikirana. M'shopu mwanga kuchoka pa sikelo kufika pa kabati ya ndalama ndi kutambasula mkono. Kasitika kalikonse ndi ndalama, mapepala ake amachokera kunja, ndipo zolembedwapo zimafufutika zikakhala padzuwa kapena m'thumba lotentha. Kumata kasitika pa masiwiti a K200 kuli ngati kuvala suti popita kukatunga madzi.

Palinso mtengo wake. Pulogalamu imene ankanditsatsa inali yolipira mwezi uliwonse, ndipo mtengo wake unali womangiriridwa ku dola. Amene tinali pa malonda mu May 2022 kwacha itagwa ndi 25 peresenti, kenako mu November 2023 ndi 44 peresenti, tikudziwa tanthauzo la mawu amenewo. Umagona ndi ngongole ina, umadzuka ndi ina. Nanga magetsi? Chimphepo chotchedwa Ana chitaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo tinatha chaka chathunthu tikugulitsa mumdima maola ambiri pa tsiku. Sikelo yanga ili ndi batire yotha masiku angapo. Kompyuta, kosindikiza ndi kowalitsa zikufuna inveta kapena sola, ndalama inanso. Walira mvula walira matope, ndikudziwa, koma matope enawa ndi ofika m'chiuno.

Sindikunena kuti kompyuta ilibe ntchito. Mnzanga amene ali ndi shopu yaikulu yoodetsa mabisiketi ndi masiwiti pamakatoni anaika, ndipo imamuuza katundu amene watsala pang'ono kutha ntchito, chinthu chimene ine ndimachidziwa pokhapokha chokoleti chikayera. Komanso amene analembetsa VAT alibe kuchitira mwina, kuyambira 2014 bungwe la MRA linabweretsa makina a EFD otulutsa malisiti a msonkho, ndipo tsopano nkhani ili pa dongosolo latsopano loyendera intaneti. Shopu yanga ikadzakula ndidzalowa momwemo, sindidzathawa. Chimene ndikukana ndi kuyamba ndi denga nyumba ilibe maziko. Kompyuta imangolemba zimene sikelo yaiuza. Sikelo ikanama, kompyuta imasindikiza bodzalo pa lisiti, ndi deti ndi nthawi yake, ndipo mwini shopu akaona kuti katundu sakugwirizana ndi ndalama amayang'ana mtsikana wa pakauntala monga ndinachitira ine, ulendo uno ali ndi pepala m'manja loti ndi umboni.

Chatsopano chimene ndinalandira ndi manja awiri ndi kulipira pafoni. Makolo ambiri oitanitsa keke ya tsiku lobadwa amatumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndipo chenji sichivuta, K7,350 ndi K7,350 basi. Koma nakonso kuli minga yake. Mnyamata wina wooneka bwino anatenga katoni ya mabisiketi n'kutionetsa uthenga pafoni yake woti ndalama zapita. Unali uthenga wakale umene anausintha. Kuyambira pamenepo lamulo la m'shopu ndi loti sitiyang'ana foni ya kasitomala, timayang'ana yathu, ndipo katundu satuluka mpaka ndalama zioneke. Netiweki ikavuta timamupatsa mpando ndi switi imodzi yodikirira. Ena amakwiya, ambiri amamvetsa.

Pempho langa likupita ku bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene lili ndi udindo woyesa sikelo za malonda pansi pa lamulo la miyezo la 2016. Ntchito yoyendera misika ya mbewu ndi malo omwetsera mafuta timaiona ndipo ndi yofunika. Koma ambiri a ife a timashopu ting'onoting'ono sitidziwa kuti sikelo imayenera kuyesedwa mobwerezabwereza, sitidziwa kopita, mtengo wake, ngakhale maonekedwe a chizindikiro chenicheni. Ine ndinadziwa nditapsa kale kawiri. Bwanji osalengeza pa wailesi m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, n'kukhazikitsa tsiku pamsika wa Limbe, wa Ndirande, wa Lunzu, loti aliyense abwere ndi sikelo yake? Bwanji sikelo zosayenera malonda zisamagwidwe polowa m'dziko, m'malo modikira kuti mayi wosadziwa agule kaye? Ndipo a CAMA, amene amalankhulira ogula, atiphunzitsire anthu mawu awiri okha oti azinena pakauntala: "Ionetseni ziro." Wogula aliyense ataona ziro jumbo ili kale pambale, theka la kuba kumeneku litha lokha.

Kwa anzanga a malonda ano, kuyesa sikelo kunyumba sikufuna sukulu. Paketi ya shuga yosatsegula ya kilogalamu imodzi iyenera kuonetsa kilogalamu ndi timagalamu tochepa ta pepala lake. Iikeni pakati, kenako m'makona onse anayi, manambala asasinthe. Zimenezi sizilowa m'malo mwa oyesa a boma, koma zikanandipulumutsa ulendo wa ku Bangwe uja. Muzikumbukiranso kuti nyengo ya mvula masiwiti amayamwa chinyezi n'kumatana, mtedza wokazinga ukakhalitsa umapepuka, ndipo pansi pa thumba pamatsala zinyenyeswa zimene simungagulitse. Thumba la makilogalamu 5 silidzatulutsa timapaketi 50 ndendende ngakhale mngelo ataima pakauntala. Ine masiku ano ndimayembekezera 49, ikakwana 50 ndimathokoza.

M'mawa uliwonse tisanatsegule, mtsikana wanga amapukuta mbale, amayang'ana kathovu, amatenga mwala wa bambo anga wa kilogalamu imodzi n'kuukhazika pa sikelo yatsopano, kenako amalemba nambala imene yaoneka m'kope la sukulu limene limakhala m'kabati. Sindinamuuze kuti azitero, anayamba yekha, ndipo sindinamufunsepo chifukwa chake. Lero m'mawa analemba 1,000. Mnyamata wa Sitandade 7 uja ali ku sekondale tsopano, koma akabwera ku holide amadutsa, n'kuima pakhomo, n'kufunsa kuti, "Anti, mwadina?"

Ine wanu,
Mayi wogulitsa masiwiti,
Limbe, Blantyre